Miyezi 8 ndikukwera basi ya magetsi ya khonsolo: maganizo a makaniko wopuma ntchito

Ndagwira ntchito yokonza mabasi a dizilo zaka 31. Ndikamanena za basi ndimanena za chinthu chimene ndachigonera pansi pake usiku wathunthu, tochi ili kukamwa, oyilo wakuda akundidonthera m'khosi. N'chifukwa chake khonsolo ya mzinda wathu italengeza kuti ikubweretsa mabasi oyendera magetsi pofuna kuchepetsa utsi ndi mpweya umene ukusintha nyengo, anthu a mumsewu mwathu ankabwera pakhomo kudzandifunsa ngati zinthuzi zidzalimba. Ndinkawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiyambe ndakwera. Tsopano ndakwera miyezi 8, pafupifupi tsiku lililonse, kuperekeza mdzukulu wanga kusukulu ndiponso kupita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndiye ndili ndi choti ndinene.

Basiyo payokha ndi yabwino kuposa basi iliyonse imene ndinakonzapo. Izi ndikuzinena ndi mtima wonse, ngakhale kuti ndi makina amene akuthetsa ntchito imene inandilerera ana. Koma kunyamula anthu si basi yokha. Pali funso la kumene basiyo ikupita, nthawi imene ikubwera, ndi amene angathe kukwera. Pamenepo ndi pamene khonsolo yathu yachita zina bwino, zina ayi.

Munthu akakwera koyamba, chimene amadabwa nacho ndi chete. Basi ya dizilo ikaima pa siteji injini imangolirabe, mipando ikunjenjemera, mawindo akugwedera. Iyi ikaima imangoti zii, mpaka umamva mapazi a amene akukwera. Ine ndi mdzukulu wanga timakambirana za homuweki yake ndi mawu a m'nyumba, osakuwa. Ponyamuka palibe kugwedeza kuja kwa magiya, chifukwa mota ya magetsi imapereka mphamvu yake yonse ikangoyamba kuzungulira, siidikira kuti injini ikwere kaye. Masabata oyamba zimenezi zinali ndi vuto lake. Madalaivala anali asanazolowere, ankaponda monga ankapondera ya dizilo, basi n'kudumpha. Ndinaona mayi wina wachikulire atagwera pa anzake asanafike pampando. Panopa phazi lawo linafewa. Pali dalaivala wina wamkazi wa basi ya m'mawa amene sanyamuka ndisanakhale. Amayang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Agogo, khalani kaye, sitikuthamangira kulikonse." Mayi ameneyu amayendetsa bwino kuposa amuna ambiri amene ndinkawakonzera makilatchi opsa.

Panjira yathu pali chitunda chachitali, ndipo mpamene ndinaigonjera basiyi. Yakale ija inkakwera pa giya 2, ikulira ngati ikufa, utsi uli tolotolo kumbuyo, ana oyenda m'mbali mwa msewu atatseka mphuno ndi malaya. Potsika tinkamva fungo la mabuleki opsa. Ya magetsiyi imakwera itadzaza ngati ili pamalo athyathyathya. Potsika m'pamene pali nzeru imene ndikanakonda ndikanaiona ndili mnyamata. Dalaivala akachotsa phazi, mota ija imasanduka jenereta. Matayala ndi amene amaizunguza, iyo n'kumabweza magetsi mu batire, ndipo kulimbana kumeneko n'kumene kumachepetsa liwiro la basi. Mphamvu imene kale inkasanduka kutentha pa mabuleki n'kutayika mumphepo, tsopano imasungidwa n'kudzathandiza pa chitunda chotsatira. Ndasinthapo mapadi a mabuleki osawerengeka pa moyo wanga, fumbi lake ndikulipuma. Pa basi iyi mapadi amagwira ntchito kwenikweni pomalizira kuima, ndiye amakhalitsa. Njira ya m'tauni ya ima, nyamuka, ima, nyamuka, imene inkapha injini za dizilo, ndi imene basi ya magetsi imaikonda.

Za mpweya woipawo ndimakonda kuwerengera ndekha, osangomvera zokamba za pa msonkhano. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.6 a mpweya wa carbon dioxide. Anthu amadabwa, poti litayo payokha siikwana n'komwe kilogalamu imodzi, koma kaboni wa m'mafutamo akamapsa amakagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, n'kulemera. Mabasi amene ndinkakonza ankamwa malita 40 kapena kuposerapo pa makilomita 100. Basi yoyenda makilomita 200 patsiku inkapsereza malita 80, kutanthauza makilogalamu oposa 200 a mpweya umenewu, basi imodzi, tsiku limodzi. Ndiyeno pa magawo 10 a mphamvu ya m'mafutawo, injini yabwino kwambiri imagwiritsa ntchito magawo pafupifupi 4, otsalawo amatuluka ngati kutentha ku radiyeta ndi ku ekizozi. Mota ya magetsi imagwiritsa magawo pafupifupi 9. Munthu amene anapsapo dzanja pa ekizozi amadziwa kumene mafuta ambiri ankathera.

Komabe chimene chalembedwa m'mbali mwa mabasiwa, choti satulutsa utsi ngakhale pang'ono, n'choona pamsewu pokha. Magetsi amachokera kwinakwake, ndipo gawo lina la magetsi a mzinda wathu likupangidwabe ndi malasha. Khonsolo inaika mapanelo a sola padenga la depoti, chimene ndi chinthu chabwino, koma mabasi ambiri amatchajidwa usiku, dzuwa litalowa. Ngakhale zili choncho basi ya magetsi imapambanabe chifukwa cha kusawononga mphamvu kuja, ndipo ili ndi mwayi umene ya dizilo ilibe: magetsi a dziko akamayera chaka ndi chaka, basi yomweyo imayera nawo popanda kuisintha kanthu, pamene ya dizilo imangoipiraipira ikamakalamba. Chimene ndikupempha n'chakuti khonsolo izitiuza poyera, chaka chilichonse, kuti magetsi a mabasiwa achokera kuti. Pafupi ndi malo otenthera malasha pamakhalanso anthu, ndipo nawonso ali ndi ana. Chimodzimodzi mabatire. Cobalt ndi chitsulo chimene chimalowa m'mabatire ena, ndipo wochuluka padziko lapansi amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, kwina m'migodi imene anthu amakumba ndi manja moika moyo pachiswe. Mabasi ambiri masiku ano amagwiritsa mabatire a mtundu wa LFP amene alibe cobalt, ndipo ndinasangalala nditaona zilembo zimenezi pa kachikwangwani ka basi yathu.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga.

Depoti ya mabasi ili m'dera lathu, kuseri kwa mpanda umene ndimauona ndili pakhonde. Ndinasamukira kuno ndili mnyamata kuti ndiziyenda wapansi popita kuntchito. Amene sanagwirepo ntchito m'depoti sadziwa zimene zimachitika 4 koloko m'mawa. Mabuleki ndi zitseko za basi zimayendera mpweya, ndiye basi isanatuluke injini imayenera kulira kaye kuti matanki a mpweya adzaze. Mabasi makumimakumi ankalizidwa nthawi imodzi, injini zili zozizira, ndipo injini yozizira ndi imene imasuta kwambiri. M'nyengo yozizira utsi uja sunkakwera m'mwamba. Unkangoyandama m'munsi, kudumpha mpanda, kulowa m'nyumba za anthu ali mtulo. Mayi a kunyumba kwanga ankapukuta mawindo Loweruka, pofika Lachiwiri chala chikadutsapo chinkabwera chili bii. Ena mwa mabasiwo ndinkaliza ndine. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi fungo la ntchito.

Mdzukulu wanga ali ndi zaka 8 ndipo ali ndi mphumu. Ndakhalapo naye usiku kangapo, chifuwa chikulira ngati kherere, ine nditagwira kampope kake ka mankhwala ndikuwerenga mapumidwe ake. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Ndinamva nkhaniyo ndidakali pantchito, ndipo tinangoyang'anana ndi anzanga m'galaja, palibe anayankhula. Ku London, mtsikana wa zaka 9 amene ankakhala pafupi ndi msewu waukulu wa South Circular anamwalira ndi mphumu mu 2013, ndipo mu December 2020 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa wa pamsewu unathandizira imfa yake. Nditawerenga zimenezo ndinatuluka panja n'kukaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mpanda wa depoti.

Chiyambireni kutchajira mabasi a magetsi m'depotimo, 4 koloko m'mawa kumakhala phee. Mpweya wa mabuleki umapopedwa ndi kakompuresa ka magetsi, kamangoti tu-tu-tu pang'ono n'kusiya. Mawindo amatha masabata awiri asanade. Mwanayu akumwabe mankhwala ake monga adokotala anatiuzira, ndipo mphumu siichoka chifukwa cha basi, koma nyengo yozizira yapitayi tinathamangira naye kuchipatala usiku kamodzi kokha, pamene chaka chinacho tinapita kanayi. Kwa ine phindu lalikulu la mabasiwa ndi limeneli, ndipo limafika ngakhale kwa munthu amene sakwera basi n'komwe.

N'chifukwa chake sindinaiwale mmene khonsolo inayambira. Mabasi oyamba a magetsi sanabwere kwathu. Anaikidwa pa njira ya pakati pa tauni, yodutsa m'maofesi, m'mahotela ndi m'misewu ya mitengo kumene anthu ambiri ali ndi galimoto zawo. Kumeneko n'kumene anadulira riboni, atolankhani akujambula. Mabasi a dizilo amene anachotsedwa panjira imeneyo anabweretsedwa pa njira yathu, kuwonjezera pa amene analipo kale. Kwa nthawi yoposa chaka, ndondomeko yoyeretsa mpweya wa mzinda inatiwonjezera utsi ifeyo, amene tinaupuma kwambiri kuyambira kale. Titafunsa anatiuza kuti njira ya pakati pa tauni ndi yaifupi komanso yosalala, yoyenera kuyeserapo. Monga makaniko ndikumvetsa kuti chinthu chatsopano umayesera pofewa. Koma palibe anabwera kudzatifotokozera, ndipo palibe anaganiza zoti mwina mabasi akalewo asawunjikidwe malo amodzi. Tinachita kulemba kalata, kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa masiginecha, kukakhala pa misonkhano itatu ya khonsolo, mpamene njira yathu inalowa m'gawo lachiwiri.

Si kwathu kokha. Ku New York, madepoti ambiri a mabasi a dizilo a pachilumba cha Manhattan anamangidwa kumpoto, cha ku Harlem, kumene kumakhala anthu akuda ndi ochokera ku Latin America, ndipo ana a kumeneko ankadwala mphumu kwambiri. Anthu a kumeneko anakhazikitsa bungwe la WE ACT mu 1988 ndipo analimbana ndi nkhani ya madepotiwa zaka zambiri. Depoti, dzala la zinyalala, msewu wa malole, zonsezi zimaikidwa kumene malo ndi otsika mtengo, ndipo kumeneko n'kumene osauka amakhala. Ndiye chinthu choyera chikabwera n'kuyambira kwa olemera, osauka amakhala alipira kawiri.

Mizinda ina inaganiza mosiyana. Ku Bogotá, dziko la Colombia, mzinda unakhazikitsa kampani yakeyake ya mabasi yotchedwa La Rolita mu 2022, ndi mabasi a magetsi 195, n'kuwaika ku Ciudad Bolívar, dera la m'mapiri kum'mwera kwa mzindawo kumene kumakhala anthu ovutika. Anaphunzitsanso amayi ambiri kuyendetsa basi, ntchito imene kale inkaonedwa ngati ya amuna okha. Ku Dakar, dziko la Senegal, mabasi a magetsi okhaokha anayamba mu 2024 kuyenda pa njira yawoyawo ya makilomita 18, kuchokera ku Guédiawaye kumene kumakhala chinamtindi cha anthu ogwira ntchito, kukafika pakati pa mzinda. Shenzhen ya ku China inasintha mabasi ake onse oposa 16,000 pofika kumapeto kwa 2017, ndipo ukasintha onse funso loti ayambe ndani limatha lokha. Khonsolo yaing'ono ngati yathu singagule onse nthawi imodzi, choncho kusankha koyambira ndi chigamulo chachikulu kuposa mtundu wa basi imene agule.

Vuto limene lilipo mpaka lero ndi nthawi. Basi yoyamba imafika pa siteji yathu 5:40 m'mawa. Mpongozi wanga, mayi a mwana uja, amakolopa m'maofesi ndipo amayenera kukhala atayamba 6 koloko, mabwana asanafike. Basiyo imamufikitsa mochedwa, ndiye amakwerabe kagalimoto kakale ka munthu wina kamene kamasuta kuposa basi iliyonse imene ndinakonzapo. Yomaliza imanyamuka m'tauni 9 koloko usiku. Alonda, anamwino, ogwira ntchito m'mafakitale mosinthana, onsewa basi yoyerayi imawadutsa. Masana pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko mabasi ena amabwerera kudepoti kukawonjezera moto, ndipo munthu umatha kuima mphindi 40. Tsiku lina kotentha ndinaima pamenepo ndi mwana, pa siteji yopanda denga, mpaka ndinamuvula juzi n'kumuphimba nayo kumutu. Kukatentha choziziritsira m'basi chimadya batire, kukazizira chotenthetsera chimadya koposa, chifukwa mulibe injini yotentha yoti n'kubako kutentha kwaulere monga kale. Zimenezi zimadziwika basi isanagulidwe. Mankhwala ake ndi kuika chotchajira champhamvu kumapeto kwa njira, kuti basi izimwa pang'ono mphindi zimene dalaivala akupuma, kapena kugula mabasi owonjezera ochepa. Khonsolo inagula basi imodzi ya magetsi pa basi imodzi ya dizilo, ngati kuti zimagwira ntchito mofanana ndendende.

Apa ndinene chinthu chimene ena okonda zachilengedwe sangachikonde. Basi ya dizilo yodzaza anthu 60 amene asiya galimoto zawo kunyumba imachepetsa mpweya woipa kuposa basi ya magetsi yoyenda ndi anthu 5 chifukwa ena onse anatopa kudikira. Batire limayeretsa basi imodzi, koma chimene chimachotsa galimoto pamsewu ndi kudalirika, kudziwa kuti ndikaima apa mphindi 10 basi ibwera. Khonsolo ikamawerenga matani a kaboni amene yapulumutsa iziwerenganso anthu amene akukwera, ndi amene akulephera kukwera.

Mtengo wokwerera sanakweze, ndipo apa ndiwayamikire, chifukwa basi ya magetsi pogula ndi yodula kwambiri kuposa ya dizilo, ndipo chiyeso chokankhira ndalamazo kwa wokwera chimakhalapo. Ana asukulu ndi okalamba timalipira theka monga kale. Mzinda wa Tallinn ku Estonia unafika pochotseratu malipiro kwa nzika zake mu 2013. Sindikupempha zimenezo, koma ndikupempha kuti aganizirenso za kalipiridwe. Mabasi atsopanowa salandira ndalama yapamanja, amafuna khadi kapena foni yamakono. Malo oikira ndalama m'khadimo ali pakati pa tauni ndi ena ochepa, m'dera lathu mulibe. Pali gogo wina woyandikana nafe amene foni yake ndi ya mabatani. Khadi lake likatha amayenera kukwera basi kuti akaikemo ndalama yokwerera basi. Ndamulipirirapo ndi khadi langa kangapo, ndipo nthawi iliyonse amachita manyazi ngati wapempha. Achinyamata amaona pafoni kuti basi ili pati, n'kutuluka m'nyumba nthawi yake. Ife ena timaima padzuwa. Kachikwangwani kosonyeza mphindi zotsala kali pa masiteji a m'tauni okha.

Kukwera kwake ndiye kwabwino zedi. Pansi pa basi ndi potsika, ndipo ikaima imawerama pang'ono mbali ya chitseko. Maondo anga amathokoza. Pali mnyamata wina woyenda pa njinga ya aulumali amene kale ankachita kunyamulidwa ndi anthu anayi ngati katundu. Tsopano dalaivala amatsitsa chitsulo chokwererapo, iye n'kulowa yekha, n'kukaima pamalo ake. Tsiku loyamba kumuona akulowa yekha ndinayang'ana kumbali, misozi inali pafupi. Mipando ya kumbuyo yokha ndi imene ili pamwamba, pokwera masitepe awiri, ndiye okalamba timalimbirana ya kutsogolo imene ndi yochepa. M'kati muli mawu olengeza siteji yotsatira, ndipo amamveka bwino poti injini kulibe.

Chete yemwe ndamutama uja ali ndi mbali ina. Mnzanga wina wosaona, amene timapemphera limodzi, ankadziwa basi ndi khutu. Ankaimva ikadali patali, ankasiyanitsa basi ndi lole, ankadziwa kuti yaima kapena ikudutsa. Anandiuza kuti, "Achimwene, basi yanu yatsopanoyi imandifika ngati mphaka." Maiko a European Union anaika lamulo kuyambira mu 2019 loti mitundu yatsopano ya galimoto za magetsi izitulutsa kaphokoso ikamayenda pang'onopang'ono, pa chifukwa chomwechi. Mabasi athu ali nako kaphokosoko, koma pa siteji yaphokoso sikamveka, ndipo palibe mawu akunja onena nambala ya basi. Mnzangayu tsopano amadalira kufunsa amene waima naye pafupi. Ndi chinthu chaching'ono kukonza, sipika imodzi pachitseko.

Anthu oyandikana ndi depoti amafunsanso za moto. Mabasi a dizilo nawonso amapsa, ndazimitsapo awiri ndi manja anga. Koma moto wa batire ndi wina, umavuta kuzima ndipo umatha kuyambiranso. Ku Paris mu April 2022 mabasi awiri a magetsi anapsa m'mwezi umodzi, ndipo mabasi 149 a mtundu umenewo anayamba aimitsidwa kaye kuti afufuzidwe. Kwathu sikunachitike kanthu, ndipo ndaona kuti usiku amawaimika motalikirana, zimene zili zoyenera. Chimene chatsala n'kuitana ife okhala kuseri kwa mpanda kudzatiuza chochita tsiku loipa likadzafika.

Ndatsala ndi anzanga a m'galaja. Basi ya magetsi ilibe oyilo wa injini woti n'kusintha, ilibe mafyuluta a mafuta, mainjekita, pampu ya dizilo, tebo, kilatchi ngakhale ekizozi. Theka la zimene ndinaphunzira moyo wanga wonse mulibemo. Zotsala ndi matayala, amene amatha msanga chifukwa mabatire ndi olemera, masipuling'i, chiwongolero, zitseko ndi mapaipi a mpweya. Kwinako ndi mawaya a mtundu wa olenji onyamula mavoti mazanamazana, amene munthu wosaphunzira akawakhudza sadzukanso, ndi kompyuta imene imakuuza chavuta. Pali mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito atangochoka kusukulu, panopa ndi bambo wa ana atatu. Ankatha kudziwa injekita yodwala pongoika sikuludiraiva pa injini n'kumvetsera. Ndinakumana naye pageti la depoti n'kumufunsa za ntchito. Anati, "Madala, masiku ano ndimangosintha matayala ndi mababu. Ikavuta kwenikweni amaitana a kampani, amabwera ndi laputopu, ife timangoonerera." Pa amakaniko onse a m'depotimo anasankha ochepa kukaphunzira za magetsi, ndipo anasankha achinyamata okhala ndi satifiketi. Enawo akontirakiti sanawawonjezere nthawi.

Izi ndi zolakwika pa chilungamo, komanso ndi zoopsa kwa khonsolo yomweyo. Nthawi ya galanti idzatha. Kampani imene inagulitsa mabasi ikhoza kukweza mtengo wa ntchito yake, kapena kugwa kumene. Ku America kampani ya Proterra, imene inagulitsa mabasi a magetsi kumizinda yambiri, inalengeza kuti yagwa mu August 2023, ndipo mizinda ina inavutika kupeza zipangizo zosinthira. Mzinda umene ulibe anthu akeake odziwa kutsegula basi yake uli m'manja mwa eni laputopu. Munthu amene anatha kumvetsa pampu ya dizilo, ndi tizigawo take tosaoneka bwino ndi maso, sangalephere kuphunzira inveta, chipangizo chimene chimasintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, ngati wina atamuphunzitsa. Ndalama yophunzitsira amakaniko onse a m'depotimo singafike n'komwe pa mtengo wa basi imodzi.

Amene amandifunsa ngati akwere ndimawauza kuti akwere, ndipo amene ali ndi galimoto ayese kuisiya kunyumba masiku awiri pa sabata, aone. Pa ukhondo, kukhazikika, kukwera chitunda ndi kulowa kwa aulumali, basiyi ndiipatsa zonse. Pa nthawi, kalipiridwe ndi kasamalidwe ka antchito, khonsolo ili ndi ngongole, ndipo zonsezi zingakonzedwe popanda kugula luso lina latsopano.

Mwezi watha ndinapita kukazonda wodwala kumalire kwenikweni kwa mzinda, kumene misewu ya phula imathera ndipo nyumba zambiri zilibe n'komwe magetsi. Ndinatsika basi ya magetsi n'kudikira yolumikiza. Itabwera ndinaidziwa isanaime, ndi kalilidwe kake. Pa bampala yakumbuyo panali chigamba chimene ndinawotcherera ndekha zaka 12 zapitazo. Ndi imodzi mwa mabasi amene anachotsedwa pa njira yathu. Inanyamuka ndi utsi uja ndimaudziwa, ndipo m'mbali mwa msewu munali ana akuchokera kusukulu atatseka mphuno ndi malaya. Ndinalankhula ndi amayi awiri amene ndinakhala nawo pampando, ndinawafotokozera mmene tinalembera kalata yathu ndi kumene tinakaipereka. Mmodzi analemba nambala yanga pachikuto cha buku la kuchipatala la mwana wake. Msonkhano wa bajeti ya khonsolo uliko mwezi wamawa, ndipo tagwirizana kuti tidzalowe limodzi, iwo ndi kalata yawo ya mabasi, ine ndi yanga yopempha basi ya 5 koloko m'mawa ndi maphunziro a anyamata a m'galaja.